Sukulu ndi yaulere, nanga mlonda amulipira ndani?

Kwa zaka zambiri, pa sukulu za pulayimale za boma m'mapiri a Dedza pankakhala kope lina losatchulidwa m'lamulo lililonse, koma lodziwika kwa kholo lililonse. Ankalisunga ndi msungichuma wa komiti ya sukulu. M'menemo munkalembedwa dzina la mwana, sitandade yake, ndi ndalama ya chitukuko imene makolo ake apereka teremu imeneyo. Wosapereka ankatchulidwa dzina pamzere m'mawa, anzake akumva. Kwina ankamubweza kunyumba, kwina ankamubisira lipoti la mayeso mpaka bambo kapena mayi ake atabwera kudzaonana ndi ahedi. Ndalama yake sinali yoopsa poitchula, koma kwa banja la ana anayi mwezi wa Januwale, nkhokwe itayera mbee, chimanga kumunda chikudikira fetereza wobereketsa, inali yokwanira kukakamiza kholo kusankha mwana wopita kusukulu ndi wotsala pakhomo.

Kuyambira pa 1 Januwale 2026, boma linalamula kuti kope limeneli litsekedwe. Atapambana chisankho cha pa 16 Seputembala 2025, Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maphunziro a pulayimale ndi sekondale m'sukulu za boma akhala aulere. Unduna wa Zamaphunziro unatsatira ndi tsatanetsatane wake: ndalama ya chitukuko yachotsedwa, ndalama za mayeso a MANEB a Sitandade 8, Folomu 2 ndi Folomu 4 zachotsedwa, pamodzi ndi ya chiphaso cholembera mayeso. Ndalama yolipirira chakudya ndi malo ogona ku sukulu zogonera konko sinali m'gulu la zochotsedwa pa chilengezo choyambacho.

Palibe kholo la ku Mayani kapena ku Lobi limene lingalire ndi nkhani imeneyi, ndipo ine sindikuona chifukwa choti lilire. Ana ambiri aphunzira zaka zisanu ndi zitatu n'kulephera kukhala pansi kulemba mayeso chifukwa ndalama ya MANEB inasowa pa sabata yomaliza yolipira. Chokhacho ndi chakuti ndalama ya m'kope muja inali ndi ntchito. Ndiyo inkalipira mlonda. Ndiyo inkagula choko cha boma chikatha, kusindikizitsa mayeso a kumapeto kwa teremu, kugula nkhuni zophikira phala, kupereka kangachepe kwa mnyamata wa Folomu 4 amene akuthandiza kuphunzitsa Sitandade 2, ndi kukhomera lata limene mphepo yasasula. Zonsezi zikadalipo mmawa uliwonse belu likalira. Chasintha ndi thumba loti ndalamayo ichokere, ndipo thumba latsopanolo lili kutali: ku Capital Hill ku Lilongwe, kudzera ku khonsolo pa boma la Dedza, kenako n'kufika ku akaunti ya sukulu.

Ulere woyamba

Akuluakulu akukumbukira kuti ulere si wachilendo. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo m'chaka chimodzi chokha chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Zipinda zinachepa, ana anakhala pansi pa mitengo, ndipo boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi osapita ku koleji, amene anadzaphunzitsidwa ntchito ali kale m'kalasi kudzera m'ndondomeko ya MIITEP. Ndalama ya chitukuko inakula m'nyengo imeneyo. Boma linali litachotsa fizi koma silinabweretse china chokwanira m'malo mwake, choncho makomiti anapeza njira yawoyawo, ndipo akuluakulu a unduna, ngakhale nthawi zina ankalemba makalata oletsa kubweza ana, ankadziwa kuti popanda ndalamayo sukulu zambiri sizingayende.

Ku Dedza kuphunzirira panja kuli ndi ululu wakewake. Tauniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, phiri lake limafika mamita 2,198, ndipo teremu yachitatu imagwera m'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi wosavala nsapato, atafunda kansalu ka mayi ake, sangagwire pensulo bwino nkhungu itakuta Bembeke hafu seveni m'mawa. Mphunzitsi wanzeru amayamba wawaimbitsa ndi kuwadumphitsa kuti magazi ayende, phunziro n'kudzayamba dzuwa litatuluka. Teremu yachiwiri ndiye ya mvula ndi njala. Kalendala ya sukulu imalembedwa imodzi ya dziko lonse, koma chaka cha mwana wa kumapiri chili ndi masabata ambiri otayika amene sawerengedwa paliponse.

Lamulo lokakamiza lopanda wokakamiza

Lamulo la maphunziro limene tikugwiritsa ntchito lero ndi la 2013, limene linalowa m'malo mwa la atsamunda la 1962. Mfundo yake yodziwika kwambiri ndi yakuti maphunziro a pulayimale m'sukulu za boma ndi aulere komanso okakamiza kwa mwana aliyense wosakwana zaka 18. Pepala limatero. Koma pitani pa Chimbiya kapena pa mphambano ya ku Bembeke tsiku la msika, nthawi ya sukulu, muwerenge ana amene akuthamangira mabasi ndi ndowa za mbatatesi, tomato ndi kabichi. Lowani m'madimba nthawi yokumba mbatatesi muone amene akutola ndi kulonga m'matumba. Ena amadutsa malire kupita ku Angonia, m'dziko la Mozambique, kukagwira ganyu m'minda, poti kumeneko ndi kungowoloka msewu wa M1 basi. Palibe ofesala amene ntchito yake ndi kuyenda m'midzi kufunsa chifukwa chimene mwana wakuti sanabwere sabata yonse, ndipo wapolisi sangasiye milandu ya kuba ng'ombe n'kumakasaka ana ojomba.

Ntchito imeneyi inagwera anthu osalandira malipiro pa iyo: mafumu, makomiti a sukulu, ndi magulu a amayi amene aliyense amangowatchula kuti a mother group. Iwowa ndiwo amapita pakhomo pamene mtsikana wasowa m'kalasi, amasoka nsalu zoti atsikana azigwiritsa ntchito akakhala kumwezi, amalima kamunda kuti agule sopo ndi makope a ana amasiye. M'midzi yambiri mafumu anakhazikitsa malamulo awo: kholo losunga mwana pakhomo lilipire nkhuku, wokwatitsa mwana alipire mbuzi. M'madera ena a Achewa afika pomatulutsa gule m'mawa kuti aperekeze ana kusukulu, zimene zikanadabwitsa amishoni akale amene ankaona dambwe ngati mdani wamkulu wa sukulu zawo.

Dzina limene dziko lonse lapansi linalimva kuchokera m'boma lino ndi la Inkosi Theresa Kachindamoto, wa kumunsi kwa mapiri ku Mtakataka, amene anamwalira mu 2025. Mayiyu anagwira ntchito ya ulembi zaka zambiri pa koleji ya zaubusa ku Zomba asanaitanidwe kwawo kudzalowa ufumu. Anasainitsa mafumu ake pangano lothetsa maukwati a ana, anaimitsa paudindo amene ankalekerera, ndipo pofika 2016 zinkanenedwa kuti anali atathetsa maukwati oposa 850 ndi kubwezera anawo kusukulu. Malamulo a dziko anamupeza ali kale pantchito. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo mu Febuluwale 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu oyendetsera dziko kuti atseke mpata umene unkalola makolo kuvomereza ukwati wa mwana wa zaka 15.

Chimene ambiri amaiwala ponena za mayiyu ndi chakuti kuthetsa ukwati kunali theka chabe la ntchito. Mtsikana wochotsedwa kubanja amafunika yunifolomu, makope, womusungira khanda, ndipo ngati ali ku sekondale ankafunikanso fizi, imene nthawi zina mfumuyo inkasaka kwa akufuna kwabwino. Ndondomeko yolola mtsikana amene anabereka kubwerera kusukulu inayamba mu 1993 ndipo inakonzedwanso mu 2018, koma kubwerera kunkagundana ndi ndalama. Apa ndiye pamene ulere wa 2026 ungathandize kwambiri kuposa pena paliponse, ngati ugwira.

Mphamvu ku anthu, ndalama ku Lilongwe

Amene amayendetsa sukulu za pulayimale m'boma, mwalamulo, ndi khonsolo. Izi zinachokera ku lamulo la maboma aang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu, zonse za 1998. Pansi pa bwanamkubwa pali mkulu wa maphunziro, amene aphunzitsi ambiri akumutchulabe DEM ngakhale maina a maudindo asintha. Pansi pake pali alangizi a m'mazoni, ma PEA, aliyense ndi ofesi yake pa TDC ndi kanjinga kamoto kamene kamayenda mafuta akapezeka. Kenako ahedi, komiti ya sukulu ndi PTA. Boma la Dedza linali ndi anthu oposa 830,000 pa kalembera wa 2018, ndipo sukulu zake zamwazikana kuyambira kumalire a Mozambique mpaka kugombe la nyanja. Ofesi imodzi pa boma ndiyo iyenera kudziwa za chimbudzi chilichonse chimene chagwa m'dera lonselo.

Mphamvuzo zinatsika mwa apo ndi apo. Makhansala oyamba pansi pa lamuloli anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala zaka zisanu ndi zinayi lopanda khansala mpaka chisankho cha 2014. Nthawi yonseyo komiti ya zamaphunziro ya khonsolo inalibe anthu osankhidwa oti afunse mafunso. Malipiro a aphunzitsi anadzatsitsidwira kumakhonsolo mu 2017, ndipo chaka chomwecho mu Juni aphunzitsi, motsogozedwa ndi bungwe lawo la TUM, ananyanyala ntchito chifukwa ndalama zawo za tchuthi zinachedwa. Mphunzitsi wa kumudzi anaphunzirapo kanthu kamodzi: tsopano ali ndi maofesi awiri omuuza kuti vuto lake lili ku ofesi inayo.

Kagawidwe ka aphunzitsi ndiko kamaonetsa bwino malire a mphamvu za khonsolo. Cholinga cha boma ndi mphunzitsi mmodzi pa ana 60. Sukulu za pafupi ndi tauni ndi za m'mbali mwa M1 zimayandikira pamenepo, zina mpaka aphunzitsi awiri kalasi imodzi, pomwe za kutali, kumene kulibe nyumba ya mphunzitsi, magetsi kapena msika, Sitandade 1 imatha kukhala ndi ana oposa zana kwa mayi mmodzi. Aliyense amadziwa mmene zimachitikira. Wotumizidwa kumudzi amabwera ndi kalata ya kuchipatala, kapena ya ukwati yosonyeza kuti mwamuna wake amagwira ntchito pa boma, kapena foni imalira kuchokera kwa munthu wamkulu. Sindikuwaweruza: nanenso nditauzidwa kuti ndikakhale m'nyumba yodontha, ulendo wa tsiku lathunthu kukatenga malipiro, ndikanasaka kalata yanga. Ndalama yapadera ya aphunzitsi a kumidzi inayambitsidwa kuti ithetse zimenezi, koma inafalikira kwa aphunzitsi ochuluka kwambiri, ngakhale a pa matreding'i senta, mwakuti inasiya kukopa munthu kupita kumene kuli kovutadi. Ndipo pamene koleji ya St Joseph's pa Bembeke ndi makoleji ena akutulutsa aphunzitsi chaka ndi chaka, kuwalemba ntchito kumadikira chilolezo ndi ndalama za ku Lilongwe. Achinyamata amene anamaliza maphunziro a uphunzitsi a IPTE akhala akudikira zaka, ena n'kumatengedwa ngati aphunzitsi othandizira pa malipiro ochepa, sukulu ya m'mudzi mwawo ikusowa mphunzitsi.

Lamulo la 2013 linakhazikitsanso bungwe la Teachers Council of Malawi loti lizilembetsa aphunzitsi ndi kuwapatsa ziphaso. Linatenga zaka zambiri kuti liyambe kugwira ntchito. Ndi ganizo labwino kuti woima kutsogolo kwa ana akhale wodziwika ndi wovomerezeka, koma likusiya funso pa wodzipereka uja amene komiti inkamulipira ndi ndalama ya m'kope. Chiphaso alibe, ndalama yomuthokozera yachotsedwa, ndipo kalasi imene ankaigwira ikadali yodzaza.

Njira imene ndalama imayenda

Chimene chikuyembekezeka kunyamula katundu yense tsopano ku pulayimale ndi ndalama ya boma yopita ku sukulu iliyonse imene ahedi amaitchula kuti SIG. Inayamba m'maboma ochepa cha mu 2010 ndipo pofika 2013 inali itafalikira dziko lonse. Kayendetsedwe kake n'kabwino pokawerenga. Makolo, mafumu, aphunzitsi ndi ana amakhala pansi kulemba pulani ya sukulu ya chaka, PEA amaiona, ofesi ya maphunziro pa boma imavomereza, ndalama n'kulowa ku akaunti ya sukulu, imene sangatapeko munthu mmodzi yekha popanda siginecha za a komiti. Malangizo amagawa ndalamayo m'magawo atatu: lalikulu la zipangizo zophunzirira, lina lothandiza kuti ana onse afike ndi kukhalabe pasukulu, ndi laling'ono la kayendetsedwe.

Vuto ndi tsiku. Ndalama imachoka ku Treasury, imadutsa ku National Local Government Finance Committee, imafika ku khonsolo, kenako kusukulu, ndipo pa khomo lililonse ikhoza kugona. Chaka cha boma cha zachuma chimayamba mu Epulo, cha sukulu mu Seputembala. Ahedi amene analemba mu pulani kuti agula makope pa mtengo wakuti amadzalandira ndalamayo mitengo itasintha kale. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo thumba la simenti silinadikire kuti pulani ya sukulu ikonzedwenso. Kukatapa ndalamayo nakonso ndi ulendo: anthu awiri kapena atatu akwere kabaza mpaka pamsewu, minibasi mpaka ku banki pa boma, adye, abwerere, ndipo akapeza netiweki yavuta abwerenso mawa. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kwa ahedi, ndalama ya m'kope inali ya pamphuno: yochepa, yopweteka makolo, koma yopezeka Lolemba lomwelo mlonda akaopseza kuti asiya ntchito.

Pa chifukwa chimenechi, ine muyeso wanga wa ulere watsopanowu si kuchuluka kwa mabiliyoni otchulidwa mu bajeti. Ndi tsiku limene ndalama yalowa ku akaunti ya sukulu poyerekeza ndi tsiku limene teremu yatsegulidwa. Ikachedwa teremu ziwiri zotsatizana, kope lija libwerera ndi dzina lina. Lidzatchedwa chopereka chaufulu, kapena ndalama ya phala, kapena mgwirizano wa makolo, ndipo ahedi amene adzagwidwe nalo ndiwo adzaoneke akuba pomwe anangofuna kuti mayeso a teremu asindikizidwe.

Dedza ili ndi chitsanzo chake cha zimene zimachitika ndalama ikafika pasukulu penipeni. Kuyambira 2014, pulogalamu ya mabungwe a United Nations yolimbikitsa maphunziro a atsikana, yothandizidwa ndi dziko la Norway, inagwira ntchito m'sukulu zina za Dedza, Salima ndi Mangochi. Mbali ina ya ntchitoyo inali yopatsa sukulu ndalama kuti zizigula chakudya kwa magulu a alimi a m'deralo. Mlimi wa nyemba ndi masamba anapeza msika pafupi, mwana anadya, ndipo komiti inaphunzira kusunga mabuku. Koma zotere zimadalira mwini thumba. Kutsekedwa kwa USAID mu 2025, bungwe limene linathandiza kwambiri ndondomeko yophunzitsa ana kuwerenga yomwe inayamba mu 2016, kunatikumbutsa kuti wothandiza akhoza kulongedza katundu usiku umodzi.

Pali thumba linanso limene lamanga midadada yambiri ya sukulu, la chitukuko cha m'dera la phungu, la CDF. Kwa zaka zambiri phungu ndiye anali mwini mawu pa thumbali, ndipo kusintha kwa lamulo la maboma aang'ono mu 2010 kunapatsanso aphungu voti m'khonsolo. Zotsatira zake timaziona m'midzi: mdadada womangidwa kumene kuli mavoti, wina wosiyidwa pa lintala chifukwa amene anauyamba anagwa pachisankho. Mu Meyi 2025 bwalo lalikulu la milandu, pa mlandu umene linabweretsa bungwe la makhonsolo la MALGA, linagamula kuti aphungu kuyendetsa CDF ndi kuvota m'khonsolo n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Boma latsopano linalonjeza kukweza thumbali kufika K5 biliyoni pa dera lililonse la phungu. Ndalama yochuluka chotero, ikatsata pulani ya khonsolo osati msonkhano wa chipani, ikhoza kumanga nyumba za aphunzitsi zimene zingathetse theka la makalata a kuchipatala aja. Nkhondo ya amene agwire chikwama chimenechi ndi nkhani ya maphunziro, ngakhale imalembedwa pa masamba a ndale.

Sukulu ndi ya yani?

Sukulu zambiri zimene timazitcha za boma ku Dedza zili pa malo a mpingo. Akatolika anafika ku Mua mu 1902 ndi ku Bembeke patangopita zaka zochepa, amishoni a Dutch Reformed, amene mpingo wawo lero ndi Sinodi ya Nkhoma, anadzaza midzi ndi sukulu zawo, ndipo mpaka lero boma limalipira aphunzitsi pomwe mpingo umatchedwa mwini sukulu. Mgwirizano umenewu umayenda bwino mpaka tsiku limene mwana wa chipembedzo china wafika pageti. Mkangano wa hijabu unavuta kwambiri m'maboma a kum'mawa, mpaka sukulu zina kutsekedwa, ndipo mu Juni 2021 atsogoleri a Chikhristu ndi Chisilamu, mothandizidwa ndi Public Affairs Committee, anasainirana pangano lolola atsikana a Chisilamu kuvala hijabu yogwirizana ndi mtundu wa yunifolomu. Ku Dedza nkhaniyi si ya kutali, poti dera la Mfumu Tambala lili ndi Ayao ndi Asilamu ambiri. Mu Meyi 2023 Jaji Zione Ntaba wa bwalo lalikulu ku Zomba anagamula kuti kukaniza ana a Chirasta sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo n'kuphwanya ufulu wawo.

Zigamulo zoterezi zikutanthauza kuti mawu akuti "pano timatere" sakukwaniranso. Ahedi amene kale ankangotulutsa lumo kapena kuloza geti tsopano ayenera kudziwa zimene khoti linanena, ndipo nthawi zambiri amazimva pa wailesi kapena pa gulu la WhatsApp la zoni kalata ya unduna isanafike.

Pa chiyankhulo pokha lamulo ndi kalasi zinangogwirizana kusamvana. Lamulo la 2013 limati chophunzitsira ndi Chingerezi, ndipo mu 2014 nduna ya nthawiyo, Lucious Kanyumba, inalengeza kuti ziyambire Sitandade 1, kusiya ndondomeko ya 1996 yoti makalasi anayi oyamba aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo. Lowani mu Sitandade 2 ku Kasumbu mumve. Mphunzitsi amalemba mutu pabolodi m'Chingerezi, n'kutembenuka kufotokoza zonse m'Chichewa, chifukwa akufuna kuti ana amve. Akuchita bwino, ndipo palibe PEA wanzeru amene angamulembe mlandu.

Khomo la Folomu 1

Sekondale sizili m'manja mwa khonsolo. Za ku Dedza zimayang'aniridwa ndi ofesi ya chigawo cha maphunziro cha Central West, pamodzi ndi za ku Lilongwe, Ntcheu ndi Mchinji. Dedza Government Secondary School, Box 48 yotchuka ija imene inatsegulidwa mu 1951 n'kuphunzitsa ambiri mwa amene anadzayendetsa dziko lino, ili m'tsinde mwa phiri pomwepa, koma imatenga ana a dziko lonse ndipo mwana wobadwira kuseri kwa mpanda wake alibe mwayi woposa wa ku Karonga. Mu 2020 boma linathetsa kota posankha ana opita ku sukulu zotere ndi ku mayunivesite, n'kubwezeretsanso mayeso a JCE amene anali atathetsedwa zaka zochepa m'mbuyomo. Kusankha potengera makhozedwe okha kumamveka chilungamo, ndipo kwa mwana wa ku Mpoto amene kota inkamupondereza ndi chilungamodi. Koma kumaika pa mpikisano umodzi mwana wa pa sukulu ya pulaiveti ku Area 47 ndi mwana wa ku Chilikumwendo amene anagawana buku limodzi ndi anzake asanu. Boma ngati la Dedza limene lili ndi sukulu za pulayimale zofooka silingadalirenso kuti malo ake alipo kale. Liyenera kuwapeza ndi mamalikisi.

Kwa ana ambiri a m'mapiri, sekondale ndi CDSS ya pafupi, ngati makilomita khumi tingawatche pafupi. Atsikana ambiri amachita lendi tizipinda pa treding'i senta n'kumadziphikira okha, ndipo amayi a mother group amadziwa bwino zimene zimachitika m'tizipinda timeneto ufa ukatha pakati pa mwezi. Kuchotsa ndalama ya chitukuko kuchepetsa katundu wa kholo, koma lendi, ufa, yunifolomu ndi nsapato zikadali pamutu pake. Ma CDSS nawonso ndiwo ankadalira kwambiri ndalama ya makolo, kuposa pulayimale: magetsi, madzi, mapepala, alonda, zipangizo za sayansi, ulendo wa timu ya mpira. Boma linachotsapo kale kandalama ka tuition mu 2018, koma kameneko kanali kochepa ndipo sukulu sizinagwedezeke. Ndalama ya chitukuko ndiyo inali msana.

Ndiye pali chiwerengero chimene chilengezo chilichonse sichingasinthe msanga: malo. Chaka ndi chaka, mwa ana amene amakhoza mayeso a Sitandade 8, osankhidwa kupita ku sekondale za boma sakwana theka. Otsalawo amabwereza kalasi, kapena amapita ku pulaiveti ya pa msika, kapena amalowa sukulu ya masana imene timaitcha open, yophunzirira m'zipinda zomwezo za CDSS, ndi aphunzitsi omwewo, anzawo osankhidwa akaweruka. Ophunzira a open sanaikidwe m'gulu la ulere, akupitiriza kulipira. Choncho pa sukulu imodzi ku Linthipe kapena ku Thete, desiki imodzi ikhala ndi ana awiri tsiku lililonse: wa m'mawa amene boma lamulipirira zonse mpaka mayeso, ndi wa masana, mwina wochokera m'mudzi womwewo, amene anaperewera mamalikisi ochepa ndipo mayi ake akuyenerabe kugulitsa thumba la mbatatesi teremu iliyonse. Mphunzitsi naye ndi munthu: kalasi ya masana ndiyo imamupatsa kowonjezera pa malipiro, ya m'mawa ayi. Makomiti a ma CDSS ndi ofesi ya chigawo ayenera kuyang'anitsitsa kumene mphamvu za aphunzitsi zizipita, ndiponso ngati ndalama za ana a masana sizisanduka zolipirira magetsi ndi mlonda wa sukulu yonse nthawi imene ndalama ya boma yachedwa.